Ndasiya Kumwa, Kapena Ndaima Kuti Ndimwe?

M'tauni muno ulemu wa munthu wagona pa kamchira ka -ing. Popanda kukhoza Chingerezi, a MANEB sakupatsa satifiketi ya MSCE, ngakhale masamu unkawamwa ngati thobwa. Ndiye aliyense amene anapulumuka amafuna mzinda wonse umve.

Taonani bambo ena a ku Area 25, amene Lamulungu anaima kutsogolo m'tchalitchi kupereka umboni. Chichewa anachiona kuchepa. "Brethren, I have stopped to drink!" Amayi nthungululu, akazi awo misozi mbwee. Aphunzitsi opuma ntchito amene anakhala kumbuyo anangopukusa mutu, poti iwo anamva zenizeni: stop akatsagana ndi drinking, munthu wausiyadi mowa, akatsagana ndi to drink, waima panjira kuti amwe. Lachisanu lake galimoto ya bambowo inaimadi pomwera mowa pa Bwandilo. Bodza m'nyumba ya Mulungu sananene, galamala inawaikira kumbuyo.

Angongole ndiye akatswiri. Uwalembere pa WhatsApp kuti "Remember to pay me," kuwakumbutsa zoti achite, iwo ayankha "I remember paying you," kukumbukira zomwe sizinachitikepo. Ndalama zako za banki nkhonde zapitira pomwepo.

Kwathu m'Chichewa, ku- ndi yemweyo: kumwa, kulipira, kuthawa. Azungu anagawa. Want, decide ndi promise amafuna to. Enjoy, avoid ndi finish amafuna -ing. Chifukwa chake musafunse, n'kuloweza basi. Waloweza, ukumana ndi "I look forward to hearing from you," pomwe awiriwo akhalira limodzi mwamtendere. Makalata ofunsira ntchito ambiri amathera pa "to hear", ndipo bwana amadula mzere wofiira mosangalala, kenako n'kulemba ntchito mphwake amene sanalembe kalata n'komwe.

M'minibasi namo muli sukulu. Mtsikana wa mawigi anafunsa mnyamata kuti, "Would you mind opening the window?" Mnyamata, mtima uli phaphapha, anati "Yes, yes!" n'kutsegula. Mkulu wina wa taye anatembenuka kufotokoza kuti yes ameneyo ndi kukana, kuti mind satsagana ndi to, kuti maphunziro analowa pansi Kamuzu atachoka mu 1994.

"Madala, chizungu tamva," anatero kondakitala. "Ya mpando?"

Mkulu uja anapapasa matumba onse a jekete. "I forgot to carry it."

Chiganizocho chinalibe cholakwika chilichonse. Anawatsitsira pa Kanengo.