Nkhwangwa ya hayala

Akuluakulu amene anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka anali asanaionepo thirakitala ya hayala. Iwo ankadziwa kubwereka kuja umapita kwa mnansi, kugwada pakhomo, kulandira nkhwangwa ndi manja awiri n'kulonjeza kuti ibwera dzuwa lisanalowe. Kubwereka kolipiriratu pafoni, kenako n'kukhala pansi pa mango kudikira chinthu chimene walipira kale, sanakulote n'komwe. Komabe chaka chino, chizimalupsa chitangogwa kwathu ku Mchinji, mwambi wawowo ndinauona ukuyenda ndi matayala anayi.

Nyengo imeneyi moni amafupika. Anthu akakumana pa Kamwendo safunsananso za ana, amangoti, "Ekala akulima bwanji?" Yankho limabwera msanga, nambala imodzi yomveka bwino, ndipo wosadziwa amaisunga m'mutu n'kumaichulukitsa ndi maekala ake. Amene analimitsapo amadziwa kuti nambalayo ndi ya kugalauza kokha, pulawo ya madisiki kudutsa kamodzi basi. Ikadutsa imasiya zibuma zoti mbewu ya chimanga itagwera pansi pake singadzaonenso dzuwa. Kuziphwanya kumafuna halo, ndiye mtengo wina. Kuunga mizere kumafuna rija, mtengo wachitatu, ngati mwini thirakitala ali nayo rijayo. Choncho ambiri amalipira kugalauza kokha, n'kuitananso aganyu kudzaunga mizere ndi makasu. Munda umodzi umadya ndalama za makina ndi za khasu m'chaka chimodzi, mwini wake n'kumauza anthu kuti chaka chino walima mwamakono.

Kenako pali nkhani ya mafuta. Mtengo uli pawiri, wa "mafuta athu" ndi wa "mafuta anu", ndipo masiku ano eni ake amakonda wachiwiriwo. Sindikuwanena. Mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dizilo anachoka pa K1,920 kufika pa K2,734 lita imodzi, m'mwezi weniweni umene aliyense amafuna thirakitala. Ngati dalaivala wanu ndi wa gulu lija loti ekala imamwa malita 10, ndiye kuti K19,200 ya madzulo inadzuka m'mawa ili K27,340, munda uli womwewo, zitsa zili zomwezo. Kumapeto kwa 2024 mafutawo anasowa kumene, anthu n'kumagona m'malo omwetsera mafuta, ndipo kuchokera apo akweranso. Ndiye mwini thirakitala wanzeru satchula mtengo wa Novembala mu Ogasiti. Amati bwerani ndi chigubu chanu, ine ndibwera ndi chitsulo.

Malita 10 ajanso sakhazikika. Dothi likauma gwa amakhala 12. Likanyowa kwambiri matayala amaterereka, ndiye amakhala 12 omwewo. Dothi la malita 8 ndimangolimva, akuti lili m'munda mwa mwini thirakitala.

Koma mkangano weniweni wa mitengo suli pa dizilo. Uli pa funso limene sukulu inayankha kalekale koma kumudzi likadali pabwalo: ekala n'chiyani? Mlamu wanga ali ndi munda umene banja lonse lakhala likuutcha maekala awiri kuyambira m'nthawi ya Kamuzu. Kunena zoona mundawo umasintha kukula malinga ndi amene wafunsa. Pamaliro, amuna akakhala panja pa siwa n'kumacheza za ulimi, ndi maekala atatu. Wina akafuna kuchita lendi mbali imodzi, mbaliyo payokha ndi ekala yathunthu. Dalaivala wa thirakitala atangotsika n'kuyamba kumwazamwaza maso, mundawo unafota mpaka ekala ndi theka.

Ekala ya m'buku ndi masikweya yadi 4,840, ndipo kumudzi anaifupikitsa kuti masitepe 70 uku, 70 uku. Lamuloli n'labwino, kungoti silinena kuti miyendo yake ikhale ya ndani. Dalaivala, mnyamata wamtali ndithu, anauyamba mundawo ndi timasitepe ta mkwatibwi polowa m'tchalitchi. Mlamu wanga, munthu wamfupi wodandaula msana chaka chonse, anatambasula miyendo mpaka thalauza inalira. Onse awiri nkhope zili gwa, milomo ikuwerenga. Atakumana kumalire, dalaivala anali ndi maekala awiri ndi theka, mlamu anali ndi ekala imodzi ndi kachidutswa.

"Madala, apa pali awiri ndi hafu, komanso ndakuchotseraniko."

"Achimwene, mundawu ine ndinakuliramo. Wayamba liti kukula?"

Anaitana mdzukulu wa ku sekondale amene ali ndi foni yoyeza malo. Mwanayo anazungulira malire foni ili m'mwamba, akuluakulu akumutsata m'mbuyo mwaulemu umene sanaulandirepo chibadwire, n'kulengeza kuti setilaiti ikuti maekala awiri osakwana pang'ono. Yankholi silinasangalatse aliyense. Dalaivala anati netiweki ya kuno ndi yofooka. Mlamu anati setilaitiyo yawerengera ndi chulu chomwe.

Chulucho chinadya nthawi yaitali kuposa munda wonse. Mlamu ankati pachulu pulawo sifikapo, ndiye pachotsedwe, pamodzi ndi pansi pa mtengo wa nsangu ndi kanjira kopita kudimba. Dalaivala ankati kuzungulira chulu kumamwa mafuta ambiri kuposa kulima molunjika, poti uyenera kukweza pulawo, kukhota, kubwerera m'mbuyo, kutsitsanso, ndiye pofuna chilungamo chulu n'chofunika kulipiridwa padera. Apa ine ndinali mbali ya dalaivala, koma sindinatsegule pakamwa, poti nsima ya masana inali ya kwa mlamu. Anagwirizana pa maekala awiri, nambala imene agogo anaisiya kalekale opanda foni.

Thirakitalayo kalelo inali yofiira. Ndi ya m'nthawi ya maesiteti a fodya, yoti poiliza pamafunika anyamata okankha. Inagalauza bwinobwino mpaka pakati pa munda, fumbi lili koboo, ana akuthamangira m'mbuyo mwake kusaka mbewa zofukulidwa. Kenako kunamveka kuti khoo! Disiki inagunda chitsa chobisika, beyaring'i n'kumwazika. Nkhwangwa yaguluka.

Mwambi uja unakwaniritsidwa, koma manyazi ake anasowa mwini. Kale nkhwangwa ikaguluka m'manja mwako, nkhani inali yako iwe wobwereka. Unkasema mpini watsopano usiku womwewo, m'mawa n'kukaibweza mutu uli pansi. Apa dalaivala anatsika, anayang'ana disiki, anayang'ana mlamu, n'kunena modekha kuti, "Chitsachi n'chanu, madala." Mlamu anati chitsacho chakhala pamenepo zaka zonsezi osathyolapo khasu la munthu, ndiye vuto ndi ukalamba wa chitsulocho. Mwini thirakitala pafoni anati iye ali ku Lilongwe, akambirane okhaokha monga akuluakulu. Panalibe wogwada, panalibe wosema mpini. Dipoziti inali itapita kale, dizilo wa mlamu ali m'thanki ya eni ake.

Thirakitala inagona m'mundamo, ndipo chitsulo cha eni chikagona m'munda mwako mlonda ndiwe. Mlamu anamanga kachisakasa pambali pake kuopa akuba batire. Dalaivala anasanduka mlendo wa pakhomo, wodziwa kufunsa ngati nkhuku yakuda ija ikuikira kapena ili pa ulesi chabe. Beyaring'i inafunidwa ku Boma, kulibe. Ku Lilongwe inapezeka ya saizi ina. Pomaliza anati aitanitsa ku Chipata, kumene mtengo umatchulidwa mu kwacha ya eni ake, ija yolemera kuposa yathu.

Odutsa m'njira ankaona thirakitala ili phee m'munda mwa mlamu m'mawa ndi madzulo, iye atakhala pambali pake ndi wailesi, ndipo nkhani yotsalayo anaimaliza okha. Mbiri inafika kutchalitchi kuti bambo aja agula thirakitala. Anthu anayamba kubwera kudzafunsa mtengo wa ekala. Msuweni wina amene anasowa zaka zambiri anatulukira ndi nkhani ya fizi ya mwana. Komiti yomanga nyumba ya abusa inawaika pamwamba pa mndandanda wa anthu oyenera kuyenderedwa. Poyamba mlamu ankafotokoza, kenako anatopa n'kuyamba kungotchula mtengo. Ankautchula wokwera dala kuti anthu azipita, koma mayi wina anavomera pomwepo, n'kufunsa nambala yotumizira dipoziti. Ndalamazo mlamu anazikana, poti ndi munthu wopemphera, koma madzulo ake anandiuza kuti tsopano bizinesiyi waimvetsa: thirakitala yoyenda ili ndi mtengo, yoima ilinso ndi mtengo womwewo.

Kuseka tiseke, koma mwini thirakitala sindimuyesa wakuba. Chitsulo chake chimalima masabata ochepa pa chaka, pakati pa chizimalupsa ndi mvula yobzalira, ndipo masabata amenewo ayenera kulipira matayala, oyilo, dalaivala ndi zipangizo zogulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi. Alimi ambiri m'dziko muno minda yawo sikwana hekitala imodzi, yomwe ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, ndipo timindato tili patalipatali. Thirakitala ikamayenda mumsewu kuchoka pa kamunda aka kupita pa kena imamwa mafuta osalima kanthu. Ndiye mwini wake amayamba ndi wa maekala 20, wa awiri adikire. Pamenepo m'pamene pabisala mtengo umene sutchulidwa pafoni, wa masiku. Chimanga chobzalidwa mochedwa sichibereka ngati cha mvula yoyamba, ndipo wa munda waung'ono, amene thumba lililonse amaliwerengera miyezi, ndi amene amaikidwa kumapeto. Ng'ombe za pagoli zikanathandiza, koma nazo zimafika mu Novembala zitaonda ndi chilimwe, zimalima m'mawa wokha, ndipo mwini wake nayenso anaphunzira kuyenda timasitepe.

Nkhwangwa ya mtundu umenewu tinabwerekapo dziko lonse. Boma linatenga ngongole ya madola 50 miliyoni ku India, ndipo mwa zina linagula mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144, zoti zithandize alimi ang'onoang'ono. Mu 2016 ofesi ya Ombudsman, motsogozedwa ndi Martha Chizuma, inapeza kuti ambiri mwa makinawo anagulitsidwa mosatsata dongosolo, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi zoti akuluakulu okhudzidwa apepese kwa Amalawi. Kumeneko ndiye kugwada kunaliko, kungoti kunachedwa ndipo kunachita kulamulidwa ndi khoti. Ngongoleyo ndi ya tonse, kuphatikizapo amayi amene thirakitala amangoimvera phokoso ali chiweramire ndi khasu. Ndikaikumbukira nkhani imeneyi nthabwala zimandithera, chifukwa mathirakitala 177 akanafupikitsako kudikira kwa anthu ngati mlamu wanga.

Mvula yeniyeni inagwa beyaring'i isanafike, ndipo mlamu anabwerera kumene makolo ake anali. Kungoti makolowo ankafulula mowa kapena thobwa n'kuitana anthu ku dima, malipiro ake chipanda ndi nsima. Zimenezo zinapita. Aganyu amawerengera pa mzere kapena pa ndime, ndipo njala ikalimba mu Januwale ena amakonda ndowa ya chimanga kusiyana ndi ndalama. Pa mzere palinso masamu ake. Kuyambira pamene alangizi anabwera ndi kabzalidwe ka Sasakawa, mizere inayandikana kuchoka pa masentimita 90 kufika pa 75, ndiye ekala yomweyo ili ndi mizere yambiri kuposa kale. Wolipira amafuna italikirane pang'ono, mlangizi amafuna iyandikane, ndipo waganyu ali mbali ya mlangizi ndi mtima wonse. Sindinaonepo anthu omvera malangizo a zaulimi ngati aganyu olipidwa pa mzere.

Amene anabwera anali gulu la amayi, makasu pamapewa, mtsogoleri wawo ali mayi wachikulire wovala chitenje cha chipani chimene chinagonja kalekale. Anayang'ana mbali yogalauzidwa, anayang'ana yosagalauzidwa, n'kutchula mitengo iwiri, wa pa zibuma uli wokwererapo. Mlamu anagwira pakamwa.

"Amayi, chaka chatha sitinkalipira chonchi. Zakwera chifukwa chiyani?"

"Dizilo, bambo."

"Khasu lanuli limamwa dizilo?"

"Khasu ayi. Koma chigayo chimamwa, ndipo ine ndimalima ndi nsima."

Mlamu anafunsa ngati angamuchotsereko pa chulu. Mayiwo anati pachulu m'pamene pali mtengo wapadera poti m'polimba, anafunsa kuti ndiwo za masana n'chiyani, kenako analoza thirakitala ndi mpini wa khasu.

"Iyi mukadzaichotsa mudzatiitanenso, bambo. Pansi pakepo ndi ndime ina."