Kaputeni wa pamtunda

Adzukulu anga amanditcha Kaputeni. Dzinali sindinadzipatse ndekha, koma sindinalikanenso, ndipo mlandu wanga wagona pamenepo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwauza kuti unyamata wanga ndinaudyera ku Beira, ku sitima za pamadzi. Si bodza kwenikweni. Sitimazo ndinali nazo pafupi, monga mmene mbuzi imakhalira pafupi ndi nkhokwe.

Ndinapita ku Beira mu 1971 pa sitima ya pamtunda, kudzera ku Nsanje. Zambezi tinamuwolokera pa mlatho wa Dona Ana, umene unatsegulidwa mu 1935, wautali makilomita oposa atatu ndi theka. Anzanga ankasuzumira pawindo, ine ndinatsinzina mpaka ku Sena. Munthu wanzeru akanadziwira pomwepo kuti madzi ndi ine sitimwerana. Kenako Inhaminga, Dondo, mpaka fungo la matope ndi mchere la pamathiriro a mtsinje wa Pungwe.

Ntchito yanga padoko inali ya ukalaliki, kuwerenga katundu, pensulo kukhutu, buku kukhwapa. Masiku amenewo katundu ankaoneka ndi maso, ankanunkhiranso. Mabokosi a tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, a matabwa opyapyala omangidwa ndi tizitsulo m'ngodya. Mabelo a fodya ochokera ku Limbe, matumba a mtedza, thonje la kuchigwa cha Shire. Ngakhale mutatseka maso, mphuno inkakuuzani shedi imene mwalowa. Amuna a mapewa ngati mitondo ankaunjika matumba mu ukonde wa zingwe, makina n'kuunyamula m'mwamba, n'kukautsitsira m'mimba mwa sitima. Ine pamthunzi n'kulemba timizere tinayi, kachisanu kopingasa. Sitima imodzi inkatha sabata ikudya katundu. Madzi a ku Beira amadzala ndi kuphwa moopsa, moti chisitima chimene m'mawa chinkakuthyolani khosi pochiyang'ana, masana munkachipeza chatsika ngati chagwada. Zikuluzikulu zinkadikira kunja kuti madzi akwere, poopa kutitimira mumchenga.

M'sitima ndinalowamo kamodzi. Kapitawo anandituma kukasainitsa pepala. Sitimayo inali yomangirira kudoko ndi zingwe zonenepa ngati mwendo wa munthu, yosayenda ngakhale phazi limodzi. Ndinakwera makwerero, ndinaponda pamwamba, pansi panangoti tepetepe pang'ono, mpunga wonse wa masana n'kubwerera kumene unalowera. Pepala lomwe silinapulumuke. Mmalinyero wina wachifundo anandipatsa ndimu kuti ndiyamwe, ndipo anyamata awiri ananditsitsa ngati thumba la mtedza, kusiyana kwake n'koti palibe amene anandilemba m'buku.

Tsiku limenelo ndi limene pakamwa panga linasanduka "namondwe wa pa Indian Ocean". Chaka ndi chaka mafunde ankakula. Adzukulu atayamba sukulu, anali atafika msinkhu wa Nyambadwe.

Ndinabwerera kumudzi mu 1975, Apwitikizi akulongedza. Pambuyo pake nkhondo inatseka njanji, mlatho uja unaphulitsidwa mu 1986, tiyi ndi fodya zinayamba kuzungulira pamsewu mpaka ku Durban. Dziko linalira mtengo wa zinthu. Ndinalira nawo, komabe ndiulule zamanyazi: kutsekeka kwa njira kunandiphimbira, chifukwa panalibenso wopita ku Beira kukafunsa za ine.

Chandivula ndi foni. Mwezi wathawu mdzukulu wanga wamkazi anabwera pakhonde atatsegula zithunzi za doko la Beira. Makontena okhaokha, osanjikizana ngati njerwa.

"Agogo, sitima yanu inali yotani? Dzina lake ndani? Tiyifufuze."

Ndinakhosomola. Ndinayamba kufotokoza kuti sitima zakale mayina ake anali ovuta. Mayi a kunyumba anali pamphasa, akutongola chimanga. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo, mwana wakufunsani dzina. Mukalephera, mumuuze za ndimu."

Ndinali nditaiwala kuti nkhani yoona ndinawauza ndekha ndikuwafunsira, pofuna kuwaseketsa. Anaisunga zaka pafupifupi makumi asanu ngati mbewu ya padenga, osaitulutsa ngakhale tsiku la mkangano.

Ndinaulula zonse, ana akugubuduka ndi phwete. Koma chimene chinandiluma si kuseka kwawo. Ndinabwereka foni ija, ndinaikuza ndi zala monga anandiphunzitsira, kufunafuna munthu wa pensulo kukhutu. Sindinamuone. Bokosi lachitsulo lotseka, ndani angadziwe ngati muli tiyi kapena matayala? Likununkhira chiyani?

Bokosi la tiyi lili pabalaza, limene ndinkati linali sutikesi yanga ya panyanja, mayi alichotsa wailesi pamwamba n'kuthiramo madeya a nkhuku. Dzina lakula, tsopano ndine Kaputeni Ndimu. Kamdzukulu kakang'ono, kamene sikanamve bwino nkhani yonse, kamandiperekerabe sawasha m'mawa uliwonse. Ndimayamba ndayang'ana kukhitchini, kenako n'kukabwezera.