Mandimu akwatirana ndi mkaka

Kutentha kwa Okutobala ku Chikwawa kumapitirira madigiri 40, ndiye nkhani ya chozizira sichedwa kufalikira. Sabata ino pakamwa pa aliyense pali chakumwa cha ku Brazil chomwe atsikana a ku saluni anachiona pa TikTok: mandimu ogaya ndi makoko omwe, madzi, ayezi ndi mkaka wa kondensi. Eni ake amachitcha limonada suíça.

Amayi ogulitsa thobwa padepoti atamva anaomba m'manja. "Mandimu ndi mkaka? Chimenecho ndi chambiko, mwanawe. Mukufuna anthu achezere kuchimbudzi?" Mtsikana wina anawayankha mwaulemu kuti kondensi ndi wa shuga wambiri, sadukaduka msanga monga mkaka wa m'paketi, amangokhuthala. Amayiwo anangoti, "Imwani nokha," nkupitiriza kutsuka makapu.

Phokoso lenileni lili pa kuwawa. Bambo wa pagolosale anathyola mandimu akuluakulu a makwinya kuseri kwa nyumba, nkuwagaya mpaka makina atatentha. Zinatuluka zowawa ngati nimu, ndipo mkazi wawo akusimbabe nkhaniyi kumjigo. Odziwa akuti pamafunika mandimu 4 ang'onoang'ono obiriwira, a khungu lopyapyala. Muwatsuke, muwadule panayi, muchotse njere ndi kaulusi koyera ka pakati, poti kuwawa kumakhala m'zoyerazo. Muthire madzi ozizira lita 1, mugaye masekondi 10 okha, musefe. Kenaka theka la chitini cha kondensi ndi ayezi, mugayenso pang'ono mpaka pamwamba patuluke thovu. Ine ndati ndilawe, ndipo amayi a thobwa andikhululukire: nchokoma.

Mnyamata wina anawerengetsa kale phindu, eti azithira m'mabotolo nkumagulitsa pamsika. Amuuza kuti chakumwachi sichidikira kasitomala, chikangokhalitsa chimayamba kuwawa. Wabwerera ku mafirizesi ake a malambe.

Magetsi atazima Lachitatu, agogo ena anati asinjire mandimuwo mumtondo, koma za ayezi sanayankhe. Pamthunzi wa akabaza nkhani inathera pa mtengo wa kondensi. "Achimwene, chitini chimodzi ndi maulendo angati?" anafunsa wina. Mnzake anawerenga zala, nkuitanitsa thobwa.