Mbuzi Yadya Chiwindi Changa

(M'mawa ku Magomero. Tambala akulira chapatali. Tsache likumveka pabwalo, kenako mbuzi: meee!)

A MBEWE: Choka! Lavula, iwe! Lavula! Anaphiri! Tatulukani mudzaone zimene chachita chiweto chanuchi!

ANAPHIRI: N'chiyaninso m'mamawa muno, anthu tisanasukusule n'komwe? Moni munamusiya kuti?

A MBEWE: Moni wanji? Mbuzi yanu yandidyera chiwindi!

ANAPHIRI: Ndiye mwaima bwanji opanda chiwindi?

A MBEWE: Pepala, mayi! Pepala la magazi la ku labu. Linanyowa dzulo ndili pa kabaza kuchokera pa Namadzi, ndiye ndinaliyanika pamwalapa. Taonani, kwatsala kakona ka chidindo kokha.

ANAPHIRI: Pepala la boma n'kumaliyanika ngati mfutso? Mbuzi yalakwanji? Yaona ndiwo.

A MBEWE: Lachinayi akundifuna nalo kuchipatala ku Chiradzulu. Ndikawauza chiyani adokotala? Kuti zotsatira zili m'mimba mwa mbuzi, adikire itulutse?

ANAPHIRI: Musalire, bambo. ALT inali 84. AST 80. Mapulatileti 160.

(Chete. Tsache likugwa pansi.)

A MBEWE: Mwadziwa bwanji?

ANAPHIRI: Mphepo inalitembenuza.

A MBEWE: Mphepo inalitembenuza, n'kukuvekaninso magalasi? Inu mumandilondalonda ngati kapitawo wa Listonia nthawi ya thangata. Munthu sindingayetsemule osamva kuti nkhani yafika pa mjigo!

ANAPHIRI: Lero kulondalondako kwakupulumutsani. Ndipo ine sindikuona chodandaula. 84 si kukhoza kumeneko? Mdzukulu wanga akapeza 84 timapha nkhuku.

A MBEWE: Izi zili ngati mapointi a MSCE. Akachuluka ndiye kuti zavuta. Pa pepala lija malire anali 40.

ANAPHIRI: Ndiye mwalephera kawiri.

A MBEWE: Tamverani, muzikanama zolondola. ALT ndi AST ndi tinthu timene timakhala m'kati mwa chiwindi. Anandifanizira ndi thumba la chimanga. Likakhala lolimba, pansi pamakhala mbee. Mukaona chimanga chili mbwee pansi, mwadziwa kuti mbewa zaboola, ngakhale mbewayo simunaione. Chiwindi chikamatupa, tinthu timeneti timatayikira m'magazi, makina n'kutiwerenga.

ANAPHIRI: Mbewa yake ndi iti?

A MBEWE: Kachilombo ka hepatitis B. Koma chondidabwitsa n'chakuti si kachilombo kokha koboola. Asilikali a m'thupi akamakasaka, amagumula ndi nyumba yomwe kabisalamo. Zaka zikamapita chiwindi chimadzaza zipsera, n'kuuma ngati chikumba.

ANAPHIRI: Mukunama. Wodwala chiwindi maso amakhala achikasu ngati dzungu, mimba ngati ng'oma. Inu dzana lomweli munkathamangitsa nkhuku zanga mpaka kudambo.

A MBEWE: Chikasu chimabwera zinthu zitafika patali. Matendawa amatha zaka makumi awiri, atatu, ali duu. Ine anandipeza nditapita kukapereka magazi kwa mlamu wanga. Ndinapita kukathandiza, ndinabwerako ndi kalata. Patatha miyezi 6 anandiyezanso, kachilombo kadalipo. Akatero ndiye kuti kamanga nyumba, si mlendonso.

ANAPHIRI: Nanga za mapuletizo? Paja mbale zanu ziwiri zomwe ndinabwereka ndaziika pampanda. Ndazitsuka ndi phulusa katatu. Adzukulu anga ndawaletsa kudya kwanu.

A MBEWE: Ohoo! N'chifukwa chake ana aja akumandithawa ngati ndine namapopa! Mapulatileti si mbale, mayi. Ndi timagawo ta magazi timene timaumitsa magazi pabala. Chiwindi chikachita zipsera, magazi amavutika kudutsa, kapamba amatupa n'kumatisunga, ndiye m'magazi timachepa. Amatenga AST kugawa ndi malire ake, 80 kugawa ndi 40, yankho 2. Kenako 2 kugawa ndi 160, kuchulukitsa ndi 100. Zapereka zingati, inu a masamu a ngongole?

ANAPHIRI: (akung'ung'udza) 1 ndi kotala.

A MBEWE: 1.25. Imeneyo amaitcha APRI. Kale a WHO ankati ipitirire 2 kuti munthu ayambe mankhwala. Mu 2024 anatsitsa, akuti ikangodutsa 0.5 asadikirenso. Ndiye ine anandiyambitsa.

ANAPHIRI: Mankhwala ake ndawaona. Kabotolo kokhocheza kaja. Musatinamize ndi masamu, a Mbewe. Kuno ku Chiradzulu ma ARV tinayamba kuwaona kalekale, a MSF atafika nawo mu 2001. Kulira kwa botolo timakudziwa.

A MBEWE: Ndiye ndinu amene munauza amayi a mvano?

ANAPHIRI: Ndinangopempha kuti akupempherereni.

A MBEWE: Potchula dzina, mudzi, ndi mtundu wa botolo! Dzina lake ndi tenofovir. Inde, alinso m'kati mwa piritsi limene amamwa anzathu a HIV, chifukwa khasu limodzi limalima minda iwiri. Ndipo asanandipatse anayamba andiyeza HIV, poti munthu amene ali ndi tizilombo tonse tiwiri sapatsidwa tenofovir yekha. Koma nanga ndikanakhala nako, chikanakupwetekani n'chiyani? Mumanditafunira nsima?

ANAPHIRI: Mumwa masiku angati?

A MBEWE: Limodzi pa tsiku, mwina mpaka kumasano. Sakapha kachilomboko, amangokagoneka. Ukasiya wekha kamadzuka kolusa, chiwindi n'kutupa kuposa poyamba. Wina uja, hepatitis C, ndiye amachizika ndi mapiritsi a miyezi itatu, koma alibe katemera. Wangayu katemera ali naye, kuchira ndiye ayi.

ANAPHIRI: Mwasankha woipa. Nthawi zonse mumatero, ngakhale pogula mbewu.

A MBEWE: Lachinayi akakaona kuti ALT yayamba kutsika, ndiye kuti moto ukuzima. Pepala lakale ndi lofanizira. Ndiye mbuzi yanu yadya poyambira.

ANAPHIRI: Chabwino, tasiyani za mbuzi. Ine mlandu wanga ndi wina. Miyezi iwiri tsopano simunaponde kuseri kwanga. Anthu akuti a Mbewe akunyoza kachasu wa Anaphiri, akuti amawotcha chiwindi. Makasitomala atatu andithawa. Kachasu wanga wa mutu, woyaka ndi machesi!

A MBEWE: Apo ndiye mwatulukira poyera! Si za mbale, si za adzukulu. Mukulira kasitomala!

ANAPHIRI: Ndikulira mabotolo atatu amene munamwa pangongole tsiku la chinkhoswe.

A MBEWE: Awiri.

ANAPHIRI: Lachitatu simungalikumbuke, munali mukuyankhula ndi mtengo wa mango.

A MBEWE: Mowa anandiletseratu, ngakhale wolawa. Chiwindi cha zilonda n'kuchithiranso kachasu? Anandiletsanso mtedza ndi chimanga chachuku. Akuti chuku chili ndi poizoni amene akakumana ndi kachilomboka, khansa ya chiwindi siichedwa. Ndiye nsinjiro zanu zija, zomwe mumasinja mtedza wotsalira posankha...

ANAPHIRI: Basi! Mwanyoza kachasu, mwanyoza nsinjiro. Mawa munena kuti matendawo ndinakutumizirani ndine usiku.

A MBEWE: Ayi, ameneyu sakwera lichero. Sayenda m'mbale, sayenda m'chikho, ngakhale kupatsana moni wa pamanja. Amayenda m'magazi, pogonana, ndipo ambiri kuno timamutenga tili makanda, kwa mayi pobadwa kapena tikusewera ndi anzathu tili ndi zilonda. Adzukulu anuwo musawavutitse. Katemera wake analowa kusikelo mu 2002, m'jakisoni uja amabaya pa masabata 6, 10 ndi 14. Ngati munkawapititsa, ali bwino kuposa ife. Otsala pambalambanda ndi ife akalekale.

ANAPHIRI: Ife? Musandiphatikizemo. Ine magazi anga ndi oyera.

A MBEWE: Tapindani dzanja la bulauzi.

ANAPHIRI: Mwayamba chipongwe?

A MBEWE: Mphini izo, zitatu pachigongono. Zanga izi. Mwaiwala chaka chija kunabwera wotsirika mudzi, amfumu n'kutiimika pamzere pansi pa mkuyu? Lumo linali limodzi, mudzi wonse. Ankangolipukutira pa thalauza.

(Chete. Njiwa ikulira.)

ANAPHIRI: Anayamba kutemera ndani, inu kapena ine?

A MBEWE: Inu. Munandikankha, munati akazi patsogolo.

ANAPHIRI: Ndiye ndapulumuka!

A MBEWE: Kapena ndinu munandipatsa.

ANAPHIRI: Mayo ine! Mundilipiritsa?

A MBEWE: Tingochotsera pa mabotolo aja.

ANAPHIRI: (mawu atsika) Kuyezako kumawawa?

A MBEWE: Kubaya pachala basi, ngati malungo. Mphindi pang'ono yankho latuluka. Akakapeza kachilomboko m'pamene amatenga magazi a pamkono, kukaona ALT ndi anzake. Ena amawauza kuti chiwindi chili phee, azingobwera kudzayezetsa. Mayi a kunyumba anayezetsa, alibe.

ANAPHIRI: Lachinayi munyamuka nthawi yanji? Sikuti ndikuopa. Ndikungofuna ndikawauze adokotala manambala aja, inu mungasokoneze.

A MBEWE: 5 koloko. Ya kabaza aliyense yake.

ANAPHIRI: Mboni imadzilipirira? Munaona kuti?

A MBEWE: Mboni yake yomwe mbuzi yake yadya umboni!

ANAPHIRI: Ndipo zotsatira zanga musadzasuzumire.

A MBEWE: Ine ayi. Koma mphepo ya kuno mukuidziwa.

(Mbuzi: meee! Kukumveka pepala likung'ambika.)

A MBEWE: Chidindo! Yatenganso chidindo! Igwireni!

ANAPHIRI: Musaimenye, ili ndi bere! Dutsani uko, ine nditseka kuno! Osati kumunda kwanga, bambo inu, mukuponda nandolo!

(Mapazi akuthamanga, nkhuku zikubalalika, ndowa ikugubuduzika.)