Mkangano wa Timabatani

Microsoft itachotsa batani la Start mu Windows 8 m'chaka cha 2012, ogwiritsa ntchito pulogalamu yoyendetsa kompyutayi anadandaula ngati alandidwa munda wa makolo, mwakuti batanilo linabwezeretsedwa chaka chotsatira pakona yake yomweyo. Eni makompyuta a Mac, omwe kabatani kotsekera zenera, kutanthauza bokosi loonekeramo pulogalamu, amakapeza kumanzere pomwe Windows imakaika kumanja, anaonerera mkanganowo monyada, poti ambiri a iwo amayesa mtengo wokwera kukhala umboni wa nzeru. Okonda pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux, amene amasankha okha maonekedwe monga GNOME kapena KDE, analibe mpata woseka anzawo, chifukwa anali akukanganabe okhaokha za GNOME 3 ya 2011, imene inabisa kabatani kochepetsera zenera.