Nakonso Katamandidwe: Kachimbudzi ka M'sitima Yapamadzi

Aliyense wotsika m'sitima zikuluzikulu zonyamula alendo okasangalala panyanja amabwera ndi nkhani za nkhanu zomwe anadya, magule a usiku ndi dzuwa lomira m'madzi. Zithunzi pa Facebook zimangoti mbwee. Koma kachipinda kosambiramo ndi kodzithandiziramo, kamene kanamulandira m'mawa ndi usiku ulendo wonse popanda kudandaula, palibe amakatchula. Kusayamika kumeneku n'kochititsa manyazi, ndipo lero kachipindako kalandira ulemu wake.

Tiyambe ndi msinkhu wake. Chipinda chogona cha mtengo wotsika m'sitima zoterezi chimakhala cha masikweya mita pafupifupi 15, ndipo m'menemo muli mabedi, kabati, tebulo ndi masutikesi a anthu awiri, atatu, mwina anayi. Kangodya kotsalako ndiye kamapatsidwa chimbudzi, sinki ndi shawa. Anthu osaona patali amati n'kothina. Ine ndimati n'kachifundo. Ndi kuti kwina komwe munthu angatsuke m'kamwa ali chikhalire pampando, dzanja lina likutsegula madzi a m'shawa? Nyanja ikakalipa sitima n'kuyamba kupendama, simungagwe, chifukwa malo ogwera palibe. Sopo akakupulumukani, musiyeni. Kuwerama muno n'kwa ana okhaokha. Ndipo pali katani wa m'shawa, yemwe mukangotsegula madzi otentha amabwera kudzakukumbatirani m'miyendo. Ambiri a ife takalamba osakondedwapo chotere.

Pakhomo pake pali kasitepe. Zipindazi sazimangira m'sitima ayi: amazipanga zathunthu m'fakitale, monga ya ku Piikkiö ku Finland, kenako amazilowetsa m'thupi la sitima chimodzichimodzi, bafa lili kale m'kati, pansi pake patakwezedwa pang'ono kuti mapaipi apeze podutsa. Sitima ya Icon of the Seas, yomwe inamangidwa ku Turku n'kuyamba maulendo mu 2024, ili ndi zipinda zoposa 2,800. Werengani nokha zala zakuphazi zomwe zimaphunzira kudzichepetsa usiku uliwonse.

Koma ulemerero weniweni uli m'mawu ake. Chimbudzi cha m'sitima sichikankha zonyansa ndi madzi ochuluka. Chimachita kukoka ndi mphamvu ya mpweya, n'chifukwa chake lita imodzi kapena kuposerapo pang'ono imakwanira, pomwe cha m'nyumba chimamwa malita 6 mpaka 9. Mukadina batani chimayamba chakhala chete kaye, ngati chikuganizira mlandu wanu, kenako chimabangula. Wogona amadzuka. Wa chipinda choyandikana amayang'ana wotchi. Chikwangwani chapakhoma chimakulangizani kuti mutseke chivundikiro musanadine, ndipo anzeru sadina ali chikhalire. Ndiuzeni, ndi chipangizo chiti china chomwe chimalengeza ntchito yake mosabisa chonchi? Akuluakulu athu a m'maofesi akanatengerako khalidweli, bwenzi malipoti a ndalama akutuluka pa nthawi yake.

Chimaphunzitsanso umodzi. Zimbudzi za zipinda zingapo zimalumikizidwa kupaipi imodzi, yopapatiza ndithu. Mayi wina akaponyamo kansalu konyowa kopukutira mwana, kapena bambo wina kabotolo ka shampu, anansi onse a pamzerewo amalowa m'mavuto limodzi mpaka pulambala atafika. Alaliki akhala akutiuza zaka ndi zaka kuti tchimo la mmodzi limapweteka mudzi. Paipi iyi imamaliza ulalikiwo m'mphindi zisanu.

Tsono tifike pa nkhani ya chinsinsi, yomwe odandaula amaikonda kwambiri. Kwathu chimbudzi chimamangidwa kuseri kwa nyumba, ndipo munthu amanyamuka mwakachetechete, anzake n'kumachita ngati sanamuone. Ndiye taganizirani banja lokhala ku Johannesburg lomwe lasonkha ndalama, lakwera sitima ku Durban kupita ku Portuguese Island ku Mozambique, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama latenga chipinda chimodzi: mwamuna, mkazi, mwana ndi apongozi. Bedi la apongozi lili phazi limodzi kuchokera pachitseko cha bafa, chitseko chopyapyala chomwe sichidziwa kusunga mawu. Mkamwini amene kumudzi amapatuka panjira akawaona, pano amamva zonse, nawonso amamumva. Pofika tsiku lachitatu sipakhalanso chobisirana. Ankhoswe amatha zaka kuyesa kugwirizanitsa mabanja. Kachimbudzi aka kamatha ntchitoyo sitima isanabwerere padoko.

Onaninso luso lomwe kamadzutsa mwa anthu. Wina amakweza TV. Wina amatsegula mpope wa pasinki kuti madzi amuimbire nyimbo yophimba. Wina amasanduka wokonda chilengedwe mwadzidzidzi: "Amayi, bwanji mukaone nyanja pamwambapo, akuti m'mawa uno kukuoneka bwino." Ndipo amanyazi enieni amavala nsapato, n'kukwera masitepe atatu kukafuna zimbudzi za onse pafupi ndi chipinda chodyera. Amabwerako atalimbitsa thupi, osalipira kalikonse.

Amisiri ena anayesa kupititsa patsogolo ntchito yabwinoyi. Sitima ya Norwegian Epic, yomwe inayamba kuyenda mu 2010, inaika chimbudzi mbali imodzi ya khomo ndi shawa mbali inayo, zonse kuseri kwa zitseko zagalasi losaonetsa bwino, sinki n'kukhala m'chipinda chogona momwemo, chotchinga china chili katani basi. Alendo anadandaula kwambiri. Anthu sakonda choonadi, makamaka chikamaoneka chithunzithunzi pagalasi. A Disney Cruise Line anatenga njira ya amantha: m'zipinda zawo zambiri chimbudzi ndi sinki zili m'kachipinda kake, kosambira ndi sinki ina kwakenso, kuti wina azisamba wina akudzithandiza. N'zothandiza, sindikana, koma banja lingaphunzire chiyani pamenepo?

Amene akunyozabe kachimbudzi aka akumbuke kumene tachokera. Mu Titanic, mu 1912, anthu oposa 700 a kalasi yachitatu anali ndi mabafa awiri okha osambiramo, limodzi la amuna, lina la akazi. Akumbukenso February 2013, pomwe moto unabuka kuinjini ya sitima ya Carnival Triumph mu Gulf of Mexico. Magetsi atazima, mphamvu yokoka ija inatha, zimbudzi zambiri zinakhala chete, ndipo anthu oposa 4,000 anayandama masiku angapo akugawiridwa timatumba tofiira todzithandiziramo, mpaka sitimayo itakokedwa kukafika ku Mobile, Alabama. Sindikukayika kuti m'masiku amenewo kubangula kuja kukanamveka kokoma kuposa kwaya iliyonse.

Choncho inu amene mukukonzekera ulendo wotere, tengani timbedza ta maginito, poti makoma ambiri a zipindazi ndi achitsulo ndipo pokoleka matawulo a anthu anayi sipakwana. Gwirizanani ndi anzanu za amene ayambe kusamba musanagone, osati m'mawa aliyense atapanikizika. Wantchito wokonza m'chipinda chanu mupatseni kangachepe, chifukwa iye amagwada m'menemo tsiku ndi tsiku. Ndipo ikakwana nthawi, apongozi ali maso kapena ali mtulo, tsekani chivundikiro, imani chilili, dinani batani.