Kodi ndege ya ku Sydney imakafuna chiyani kumadzi oundana?

Ndithandizeni inu amene munapita patali ndi sukulu. Ukayala mapu patebulo n'kuika rula pakati pa Johannesburg ndi Sydney, mzere umadutsa kumwera kwa Madagascar, kuwoloka nyanja, n'kukalowa ku Australia cha ku Perth. Njira yake ndi yoonekeratu. Nanga n'chifukwa chiyani ndege ya Qantas yoyenda pakati pa mizinda iwiriyi imakhotera kumwera kwenikweni, mpaka masiku ena okwera amaona madzi oundana pawindo? Woyendetsa amasochera? Kapena mafuta a ndege ndi aulere?

Mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 4, anandiyankha ndi dzungu. Anabaya minga iwiri cham'munsi mwake, motalikirana, n'kukunga ulusi kuchokera paminga ina kufika painzake. Ulusiwo sunafune kuzungulira pamimba pa dzungu. Unaterereka wokha n'kutsetserekera kumunsi.

"Amalume," anatero, "njira yachidule ndi imeneyi. Dziko ndi lobulungira. Chokhota ndi pepala lanulo, osati ndege."

Ndiye kuti njira yooneka yokhotayo ndi ya makilomita pafupifupi 11,000, pamene ya rula yanga ndi yotalikirapo ndi makilomita pafupifupi 800. Ndinagwira ulusi uja ndi chala, kuukankhira m'mwamba, koma unkaperewera. Pamenepo sindikanatsutsa.

Koma mtima sunakhazikike. Popita ku Sydney ndege imatenga maola pafupifupi 12, pobwerera pafupifupi 14. Kodi mizindayi imasuntha usiku? Mtunda womwewo, ndege yomweyo, maola awiriwo akuchokera kuti? Akuti kumwambako, makilomita 10 kuchokera pansi, kuli mphepo yamphamvu yoomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, imene nthawi zina liwiro lake limaposa makilomita 200 pa ola. Popita imakukankha kumsana, pobwerera umalimbana nayo maso ndi maso. Chabwino, ndamva. Nanga munthu akandifunsa kuti Sydney ndi kutali bwanji, ndimuuze makilomita kapena maola? Ndipo maola ake ati, opita kapena obwerera?

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi china. Mapu amene anapachikidwa m'kalasi mwathu anali a mtundu umene Gerardus Mercator anajambula mu 1569 kuti uthandize amalinyero kuwongolera zombo. Pamapu amenewo Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, chonsecho Africa ndi wamkulu kuwirikiza pafupifupi ka 14. Tinaloweza, tinalemba mayeso, tinakhoza. Bwanji panalibe wotiuza kuti pepala silingakute chinthu chobulungira popanda kukokeka penapake? Ndi ana angati lero akuyang'ana pakhoma n'kumakhulupirira kuti kontinenti yawo ndi yaing'ono?

Aphunzitsi, ngati sukulu ilibe mpira woonetsa mapu a dziko lonse, maungu ali m'munda ndipo ulusi si wodula. Aonetseni ana ndi manja.